Mpini Unatsala M'manja

Ndinakweza nkhwangwa kumbuyo kwa mutu monga anandiphunzitsira, ndipo mwadzidzidzi inapepuka. Mpini unatsala m'manja mwanga. Chitsulo chinaguluka n'kuulukira kumbuyo, kumene Matthew anaima akulemba mapointi, n'kumutema m'munsi mwa bondo.

Sanakuwe. Anangokhala pansi n'kumayang'ana thalauza lake likunyowa magazi. Anthu anathamanga, wina anazimitsa nyimbo, ine ndili chiimire pomwepo ndi kamtengo m'manja, osadziwa pokaika. Linali tsiku langa loyamba mu ligi, mpikisano woponya nkhwangwa, ndipo ndinali ndisanaponye n'kamodzi komwe.

Ambulansi itapita, Jeff, mwini kalabu, anatola chitsulocho n'kuchitembenuza. Ine sanandiyang'ane. Anayang'ana a Mapopa, amene ankagwira ntchito pa kalabupo.

"Ndiwe unalowetsa mpini umenewu," anatero m'Chingerezi chake chothamanga cha ku Glasgow. "Ndiwenso waiyendera lero n'kunena kuti ili bwino. Tenga jekete lako. Usabwere mpaka ndidziwe chimene chachitika."

A Mapopa anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka.

*

Ine ndi munthu wamanyazi. Ndinabwera ku Glasgow kuchokera ku Zomba ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo kusukulu ankandidziwa ngati Tisunge wongogwedeza mutu. Titamaliza sukulu chaka chino, anzanga a m'kalasi anakonza zokasangalala ku kalabu yoponya nkhwangwa, pansi pa mlatho wa sitima ku Gorbals. Iwo anapitira zithunzi. Ine ndinabwererako ndekha sabata yotsatira. Masewerawa safuna pakamwa. Umaima pa mzere n'kuponya, nkhwangwa imatembenuka kamodzi m'malere n'kuluma thabwa, ndipo ikaluma pakati penipeni pa zozungulira zojambulidwazo ndiye kuti mapointi achuluka. Thabwa silifunsa chifukwa chimene wakhalira chete.

A Mapopa ankagwira ntchito kumeneko madzulo, masana ali ku yunivesite. Atangofika kuchokera ku Mzuzu anagona pabalaza pathu ku Govan miyezi ingapo. Adadi anga, amene ndi mkulu wa mpingo, ndiwo anawalandira, n'kuwapezera chipinda ku Partick. Ntchito ya ku kalabu ndi imene inkasunga chipindacho. Ikanatha, chipinda chikanatha, ndipo munthu sangalembe mayeso akugona pa siteshoni.

Nditaganiza zolowa ligi a Mapopa anandiuza kuti nkhwangwa za kalabu ndi za alendo, zolemera ndi zobuntha, ndifunika yangayanga. Ndinaloza yaikulu yonyezimira imene inali pamwamba pa shelefu.

"Imeneyo ndi ya munthu wofuna kugwetsa mtengo wa mango," anaseka. "Iwe Tisu, sukupita kunkhuni. Gwira iyi."

Inali yaing'ono ndi yopepuka, mpini wake wowongoka, wautali ngati kuchoka pachigongono kufika kuzala. Anandionetsa kuti chitsulo chimafunika chopyapyala kukamwa kuti chilowe m'thabwa popanda kulimbana nacho, ndipo mpini usakhale wotupa kumapeto, uzitha kuchoka m'manja mosakodwa. Anachotsa mpini wa kufakitale, anaikamo wina wouma bwino, anaukhomera kachitsulo pamwamba kuti ugwire, kenako anatha madzulo angapo akupala kukamwako ndi tupa.

"Iyi ndi yoponyera basi," anatero pondipatsa. "Usadzadulire ngakhale nzimbe."

Kutatsala sabata kuti ligi iyambe, ndinapita nayo kunyumba kukapaka mafuta pa mpini. Ndinaiveka chikopa chake, n'kuiika m'kabati ya nsapato kuti mafutawo alowerere. Lachinayi ndinaitenga ili m'chikopa momwemo, n'kukaipereka kwa a Mapopa kuti aiyendere monga lamulo la ligi limanenera. Anaitulutsa, anaigogoda pansi, n'kundibwezera osandiyang'ana kumaso. Ndinkaganiza kuti atanganidwa.

*

Anti Ketrina amakhala moyang'anizana nafe pa fulati. Si achibale athu. Amagwira ntchito kumalo opangira sitima zapamadzi, komwe amayendera zitsulo zowotcherera kuti aone ngati zili ndi ming'alu, ndipo azimayi a kutchalitchi amawaopa chifukwa amafunsa mafunso osamwetulira. M'mawa wa Lachisanu anandipeza nditakhala pa masitepe.

"Ukulirira mzungu wavulalayo kapena mnyamatayo?"

"Onse, anti."

"Mzunguyo amusoka, achira. Ntchito siisokedwa. Nkhwangwayo ili kuti?"

"Kwa Jeff."

"Vala nsapato."

Jeff anatilandira ndi maso ofiira. Anati Matthew amusoka ndipo watuluka m'chipatala, koma a inshulansi akufuna kudziwa Lolemba kuti wolakwa ndani. Anaika zidutswa ziwiri zija pa tebulo.

"Mapopa ndimamukonda," anatero. "Koma mpini anaika yekha. Ndilibe munthu wina woti ndimutchule."

Anti Ketrina anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'bowo la chitsulo mmene mumalowa mpini.

"Muli dzimbiri."

"Timathira madzi pa matabwa kuti afewe. Nkhwangwa zonse muno zimanyowa."

"Zimanyowa kukamwa, osati m'bowo. Taonani mpiniwu. Pali mzere apa. Mbali iyi mafuta a mwanayu akadalipo, mbali ya kuchitsuloyi mtengo wayera ndipo wachita minga. Nkhwangwa imeneyi inaima m'madzi chozondoka, ndipo inakhalitsamo." Anatembenuza chitsulocho. "Nanga mnyamata wanuyo amanola chonchi?"

Jeff anachiyandikiza kumaso. Kukamwa kuja, kumene a Mapopa anakusiya kosalala ngati galasi, kunali mizere yokandika yopingasana, ndipo pena panali pogumuka.

"Ayi. Amanola bwino kundiposa. Izi zili ngati wina wakhutiza pa sitepe ya simenti."

Anti anatenga kiyi wa kunyumba n'kupala m'mbali mwa bowo lija. Munatuluka toyera tolimba ngati sera. Ananunkhiza, kenako anandisonyeza kiyiyo.

"Tisunge, nunkhiza."

Fungo limenelo ndinkalidziwa, koma silinali la mu kalabu.

"Mafuta a ng'ombe," ndinatero motsitsa mawu.

"Ndiye tiyeni tikafunse amene anadya ng'ombe."

*

A Mapopa tinawapeza m'chipinda chawo ku Partick, mabuku ali otsekula koma makatani otseka. Anapatsa anti mpando umodzi umene unalipo, iwo n'kukhala pa bedi, manja pakati pa maondo.

"Ndi kulakwa kwanga, anti. Sindinakhomere bwino."

"Unainola pa simenti ndiwe?"

"Mwina ndinafulumira."

"Unaiviika m'madzi ndiwe?"

A Mapopa anatseka buku limene linali pafupi nawo.

"Nkhwangwayi inagona kwawo kwa Tisunge kuyambira Lachinayi lapitalo. Iwe unalowamo m'nyumba muja?"

"Ayi."

"Ndiye unainola bwanji ili m'kabati ya nsapato ya anthu ena? Loweruka unali kuti?"

"Ku laibulale."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, anti."

"Mwana wanga, ine ndimayendera zitsulo. Chikang'aluka sichinena kuti ndang'aluka ndekha. Ukuvomereranji mlandu msangamsanga chonchi ngati ukupikisana ndi munthu?"

"Chonde anti, zisiyeni. Jeff akwiya pang'ono, pakapita masiku mtima ukhala pansi. Akaona kuti ndi mpini chabe, mwina andiitananso."

Potuluka anandigwira malaya pakhomo, anti atatsika kale masitepe.

"Tisu, ukundimva? Zisiye. Ndikukupempha."

M'sitima yapansi pobwerera ku Govan, titawoloka mtsinje, anti anatembenukira kwa ine.

"Akutchinjiriza munthu," anatero. "Ndipo munthuyo amamuopa kuposa mmene amaopera Jeff. Kwanu mumakhala anthu angati?"

"Atatu."

"Ndiye si nkhani yaitali."

*

Amayi ndi namwino pa chipatala chachikulu chapafupi nafe. Tinawapeza akusita yunifomu. Nkhani ya ngoziyo ndinawauza tsiku lomwelo, ndipo yankho lawo linali lakuti ndisauze munthu wina aliyense wa kutchalitchi.

"Ine ndinanena kalekale," anayamba tisanakhale n'komwe. "Mwana wamkazi ndi nkhwangwa, zinayamba zachitika kuti? Anzake akuphunzira kuyendetsa galimoto, iye ali pansi pa mlatho ndi anthu ojambulajambula m'mikono. Mulungu wangotichenjeza."

"Amake Tisunge, Loweruka lapitali kunali chiyani?"

"Chinkhoswe, ku holo ya tchalitchi ku Partick. Mukanabwera mukanadziwa."

"Munapita nonse?"

"Ine ndinali pa shifiti, ndinafika chakumapeto. Uyu mumamudziwa, pagulu safika, anadzitsekera m'chipinda ndi zam'makutu zake."

"Mwadyako nyama ya ng'ombe muno sabata ino?"

"Nkhuku. Kodi tsopano mwasanduka apolisi?"

"Ndowa yanu yokolopera ili kuti?"

"Ku bafa. Ikakhalenso kuti?"

Apa ndinakumbukira. Lamulungu m'mawa ndinaifuna ndowayo ku bafa, sindinaipeze. Chipinda chimene adadi amagwiriramo ntchito pa kompyuta chinali chokiya, ndipo masiku otsatirawo pansi pa chitseko chake pankatuluka mpweya wotentha ngati hita yatsegulidwa mpaka kumapeto. Ndinayang'ana ku chitseko cha chipindacho.

"Nanga bambo ake a Tisunge?" anafunsa anti.

Amayi anaimika simbi.

"Iwo anali ndi akulu a mpingo anzawo tsiku lonse, kulandira a kuchimuna. Kukhitchini sanapondeko."

"Za kukhitchini sindinafunse, amake Tisunge."

Amayi anatenga simbi n'kuyambanso kusita kolala imene anali ataisita kale.

*

Loweruka m'mawa tinapita ku holo ya tchalitchi. Mayi Tereza, amene amatsogolera zophika pa zochitika zonse za mpingo, anali akukonza maluwa a mawa lake. Ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayambira kukuuza kumene anagula wotchi.

"Aa, Ketrina, mwatikumbuka? Uyu ndi mwana wa a Leonard eti? Wakulatu. Sunayambebe kuyankhula? Ukwatiwa bwanji iwe?"

"Ndamva kuti mang'ina anu a pachinkhoswe anatha anthu akuwafunabe," anatero anti.

"Anakuuzani ndani? Musandikumbutse, ndinatsala pang'ono kuchita manyazi tsiku limenelo. Wa kubutchala uja anatipatsa miyendo ya ng'ombe yathunthu, ati makina odulira awonongeka. Yathunthu, amwali, ndi ziboda zomwe. Mipeni ya m'khitchini muno ndi ya azungu, yodulira keke. Tinayesa mpeni wa buledi, unapindika. Azibambo angoima ndi masuti awo, manja m'matumba, aliyense akupereka nzeru. Wina mpaka akuti tifunse pa intaneti."

"Ndiye munatani?"

"A Leonard, bambo a uyu. Anati dikirani, ndili ndi chida kunyumba. Anakwera galimoto, posachedwa abwera ndi kankhwangwa kokongola, kovala chikopa ngati foni. Anavula jekete, anapinda malaya. Mwamuna weniweni amaoneka pamenepo. Koma kankhwangwako ndi kachibwana, ndikuuzeni. Mwendo woyamba kanalowa ngati m'papaya. Wachitatu kanayamba kugumuka mano. Pomaliza mpini ukugwedera, gwedegwede. Ndinawauza ine kuti achimwene, musadandaule, mukakaviike m'ndowa kagone momwemo, mpini utupa, mawa kagwira. Kwathu ku Ntcheu timatero. Mano ake anakanolera pa sitepe yakuseriyo."

Anti sanandiyang'ane.

"Miyendoyo ankagwirira ndani podula?"

"Mnyamata wa ku Mzuzu uja, waulemu uja. Mapopa. Anabwera kudzanyamula mipando, a Leonard anamuitana kuti gwira apa. Nkhope yake inachita ngati akudula mwendo wake. Anayesa kunong'ona kuti adadi, imeneyi si ya Tisu kodi? A Leonard anati, nanga Tisu ndi wa ndani? Tonse tinaseka." Anaima n'kutiyang'ana. "Bwanji? Kasowa kankhwangwako?"

"Ayi, kapezeka," anatero anti.

Panja kunkawaza kamvula. Tinaima pa sitepe yakuseri ija. M'mphepete mwake munali mizere yoyera ya chitsulo.

"Kumudzi nzeru imeneyo imagwira," anatero anti. "Nkhwangwa imakhala panja, ikakhwepa umaiviikanso. Koma mtengo ukatupa m'kati mwa chitsulo umadziphwanya wokha, ndipo ukauumitsa pa hita umachepa kuposa poyamba. Lamulungu inali yolimba. Pofika Lachinayi inkangodikira munthu woikweza." Anatseka zipi ya jekete langa ngati ndine mwana. "Tamvera. Bambo ako tikaonana nawo. Koma kwa Jeff tipita limodzi Lolemba m'mawa, ndipo woyankhula ndine. Usapite wekha."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndanena."

*

Adadi anatimvetsera ali pa mpando wawo wa pabalaza, akupukuta magalasi. Amayang'anira za makompyuta pa kampani ina m'tauni, ndipo sakweza mawu. Akakwiya amayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga zolengeza za m'tchalitchi.

"Inde, ndinaitenga. Chinthu chili m'nyumba mwanga, anthu akusowa chodulira, ndikagogode kwa mwana kukapempha? Ndipo sindinaibweze yowonongeka. Ndinainola, ndinailimbitsa, ndinaiumitsa kuti isachite dzimbiri. Ine ndagwira nkhwangwa uyu asanabadwe."

"Munthu wavulala, bambo a Tisunge."

"Ndamva, ndipo tikumupempherera. Koma sanafe."

"Mnyamata uja wachotsedwa ntchito chifukwa cha dzanja lanu."

"Wayimitsidwa, sanachotsedwe. Zikavuta ndiyankhula ndi abale, timupezera ina, kosamalira okalamba anthu amafunika. Mapopa ndi mwana woleredwa. Akudziwa kuti za m'nyumba sizipita kwa azungu." Anavala magalasi. "Mayi Ketrina, zikomo chifukwa cha chidwi chanu, koma pano ndi pabanja."

Anti anaimirira n'kutuluka. Chitseko chitatsekeka, mawu anatuluka m'kamwa mwanga ndisanawakonze.

"Adadi, mukanangondiuza."

"Kukuuza chiyani?"

"Kuti munaitenga. Ndikanaiyang'ana."

"Ndiye iweyo unaiponya osaiyang'ana? Ndi zimene akukuphunzitsani kumeneko?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tisunge, dzina langa likafika ku inshulansi, mawa lili ku polisi, mkuja lili ku ntchito, Lamulungu lili pakamwa pa mpingo wonse. Mkulu wa mpingo wavulaza mzungu ndi nkhwangwa. Ukufuna amayi ako aziyenda bwanji? Mnyamatayo wasankha kukhala chete. Iwe kukhala chete sikunakuvutepo. Usayambe lero."

Amayi anali pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja. Anabwerera m'khitchinimo.

Lamulungu ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi. Adadi anaima kutsogolo n'kutsogolera pemphero la odwala ndi ovutika, ndipo anatchulamo ophunzira athu amene ali kutali ndi makolo. A Mapopa anali pa benchi yachitatu, mutu pansi, ndipo anayankha ameni pamodzi ndi ena onse. Mapemphero asanathe ndinatuluka. Sindinapite kunyumba, sindinagogodenso kwa anti. Ndinakwera basi ya ku Gorbals.

*

Jeff anali yekha, akuchotsa matabwa akale okumbika pakati n'kukhomera atsopano. Ndinaima kumbuyo kwake mpaka anatembenuka.

Sindinayankhulepo mawu ambiri chotero kwa munthu m'moyo mwanga. Ndinamuuza za chinkhoswe, za miyendo ya ng'ombe, za ndowa ndi hita. Nditatchula adadi ndinamva ngati ndavula pamsewu, komabe ndinapitiriza.

"Dikira," anatero Jeff. "Bambo ako anadula mafupa a ng'ombe ndi nkhwangwa yoponyera, kenako anaiviika m'ndowa?"

"Inde."

Anagwira pamphumi, kuseka kukufuna kumutuluka. "Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, koma iyi ndiye sindinaimvepo."

"Ndiye a Mapopa alibe mlandu. Mpini anauika bwino."

"Zikuoneka choncho. Koma a inshulansi sangamve za mwana wokwiyira bambo ake. Alipo anaona?"

"Ambiri. Azimayi ophika. A Mapopa nawonso anali pomwepo, ndi amene ankagwirira miyendoyo. Mutha kuwafunsa."

Ndinanena mokondwa, ngati munthu wapereka umboni womaliza. Jeff anaika hamala pansi pang'onopang'ono.

"Anali pomwepo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Anaona mpini ukugwedera Loweruka. Lachinayi unamupatsa m'manja, iye anaona mano ake, n'kukubwezera kuti kaponye, Matthew ali kumbuyo kwako."

"Anaigogoda pansi. Ankaganiza kuti yagwira."

"Mpini woika molakwika ndikanamukhululukira. Ndinali nditaganiza kale zomuitana sabata yamawa. Aliyense dzanja limamulakwira. Koma izi ndi zina." Anatulutsa foni.

"Chonde, Jeff."

"Si iwe, Tisunge. Iwe wachita bwino."

A Mapopa anafika akadali ndi malaya a kutchalitchi. Atandiona ndili pa benchi anadziwa zonse. Jeff anawafunsa funso limodzi lokha, lakuti anaivomerezeranji.

"Ndikanaikana, akanandifunsa chifukwa chake pamaso pa anthu," anayankha. "Ndipo ndikanatchula bambo ake."

"Ndiye bwanji osawatchula?"

"Ndinagona m'nyumba mwawo. Ndinadya chakudya chawo."

"Matthew ali ndi ulusi m'mwendo chifukwa unadya chakudya cha munthu?"

A Mapopa anatulutsa makiyi a kalabu m'thumba n'kuwaika pa tebulo pafupi ndi mpini uja. Jeff anati adzalemba zonse mmene zinayendera, dzina la adadi ndi la a Mapopa lomwe, ndipo kalabu ina iliyonse ikadzafunsa za iwo sadzabisa. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu atafewa.

"Malo ako mu ligi akadalipo. Lachinayi ubwere msanga, usankhe ina pa shelefu. Ndikunolera ndekha."

Ndinatuluka. A Mapopa anali ataima pansi pa mlatho, akudikira kuti mvula ichepe, sitima ikugunda pamwamba pathu. Ndinaima pambali pawo. Ndinkafuna kunena kuti ndimafuna kuwathandiza, kuti sindinadziwe, kuti anti anandiletsa koma sindinamve. Mawu onse amene ndinali nawo ndinali nditawathera kwa Jeff.

"Ndinakupempha, Tisu," anatero akuyang'ana msewu.

"Pepani."

"Ukuponyabe ndi phewa. Uzisiya dzanja lipite lokha." Anakweza kolala ya jekete. Basi ya ku Partick inatulukira pakona, iwo anaponda m'madzi kupita kukaiimitsa. Atafika pakhomo la basiyo anatembenuka, nkhope ili yaulemu monga mwa masiku onse.

"Ukafika ukawapatse moni adadi."